MANDA OPANDA ADZUKULU: NDANI ADZASAMALA MALO AMENE ANAGONA ANTHU AMAKEDZANA?

Chiyambi

Anthu a mitundu yonse amaika maliro, koma chizindikiro chimene amasiya pamalo pamene agoneka mnzawo chimasiyana. Ena amadzala mtengo, ena amaunda mtumbira, ena amamanga chiliza cha simenti. Kale kwambiri, kusanabwere zolembalemba, anthu a m'madera ena a dziko lapansi ankaguza miyala yolemera matani ambirimbiri n'kumangira manda amene alipobe mpaka lero. Mayiko amene ali ndi manda oterewa amawateteza ndi malamulo, amaphunzitsa ana awo za mandawo, ndiponso amapezerapo ndalama kwa alendo odzaona.

M'nkhani ino ndifuna kuyankha mafunso atatu. Loyamba, kodi manda a miyala ikuluikuluwa ndi otani ndipo amatiphunzitsa chiyani? Lachiwiri, kodi kuno ku Malawi tili ndi chiyani chofanana nawo? Lachitatu, ndani ali ndi udindo wosamala manda a anthu amene mbumba yawo sitiidziwa? Poyankha mafunsowa ndigwiritsa ntchito zimene akatswiri ofukula zakale anapeza, zimene ndimaona kwathu ku Mitundu ndi madera oyandikana nawo monga Likuni ndi Nathenje, komanso matanthauzo a mawu ena a Chichewa, popeza phunziro langa ndi la chilankhulo. Mfundo yanga ndi yakuti lamulo palokha silingasunge manda ngati anthu okhala pafupi nawo alibe mawu ndi chifukwa chowatchulira kuti ndi awo.

Manda a miyala ikuluikulu

Akatswiri amatchula zomangidwa zimenezi kuti megalith. Liwuli linachokera ku mawu awiri a Chigiriki: megas, kutanthauza chachikulu, ndi lithos, kutanthauza mwala. Mtundu wodziwika kwambiri umatchedwa dolmen. Omanga ankaimika miyala iwiri, itatu kapena kuposerapo, n'kusanjika mwala wina wafulati pamwamba pake, monga mafuwa atasenza chiwaya. Pansi pa mwala wosanjikawo ndi pamene ankagonekapo akufa, ndipo nthawi zambiri ankakwirira chonsecho ndi dothi kapena timiyala. Pamene dothi linakokoloka patapita zaka zikwizikwi, miyala yokhayo ndi imene inatsala poyera.

Chitsanzo chotchuka ndi Newgrange m'dziko la Ireland, amene anamangidwa zaka pafupifupi 5,200 zapitazo, mapiramidi a ku Giza asanamangidwe. Ndi chulu chachikulu chozunguliridwa ndi miyala 97, ndipo mkati mwake muli kanjira ka mamita 19 kolowera ku chipinda chimene munapezeka mafupa a anthu. Omanga anasiya kabowo pamwamba pa khomo kotero kuti m'masiku oyandikira pa 21 Disembala, dzuwa likamatuluka, kuwala kwake kumayenda m'kanjirako mpaka kukafika m'chipindamo kwa mphindi pafupifupi 17. Anthu amenewa analibe chitsulo, analibe zolemba, koma ankadziwa kuwerenga kayendedwe ka dzuwa.

Tisaganize kuti luso limeneli linali la ku Ulaya kokha. M'mayiko a Senegal ndi Gambia muli miyala yosemedwa yoimikidwa mozungulira pafupi ndi manda. Malo anayi, Sine Ngayène, Wanar, Wassu ndi Kerbatch, ali ndi mabwalo a miyala 93, ndipo bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006. Ku Tiya, m'dziko la Ethiopia, kuli miyala yoimika yojambulidwa malupanga, imene inalowa m'kaundula yemweyo mu 1980. Pafupi ndi nyanja ya Turkana ku Kenya pali malo otchedwa Lothagam North, kumene abusa a ziweto anayamba kuika akufa awo zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018 anasonyeza kuti pamalopo panagona anthu osachepera 580, amuna, akazi ndi ana, popanda chizindikiro chakuti wina anali wapamwamba kuposa mnzake.

Phunziro loyamba la manda amenewa ndi lakuti mutu umodzi susenza denga. Mwala wa matani khumi sungasunthidwe ndi banja limodzi. Pankafunika midzi ingapo, chakudya chodyetsa ogwira ntchito, zingwe, mitengo yogubuduzirapo, ndi atsogoleri omvana. Phunziro lachiwiri ndi lakuti manda ankauza aliyense wodutsa kuti dziko lino lili ndi eni ake. Ife a ku Lilongwe zimenezi si zachilendo, chifukwa mpaka lero pa mlandu wa malo, mfumu imafunsa kuti, "Makolo anu anagona kuti?"

Nanga kuno kwathu?

Dziko la Malawi silidziwika ndi manda omangidwa ndi miyala ikuluikulu ngati a ku Ireland kapena ku Gambia. Koma zimenezi sizitanthauza kuti anthu amakedzana a kuno ankataya akufa awo kutchire. Iwo sanavutike kuguza miyala chifukwa dziko lathu ladzaza kale ndi mapiri a matanthwe okhala ndi mapanga. Pansi pa matanthwe amenewa ndi pamene ankakhala, kuphika, kusema zida zawo, kujambula zithunzi ndi kugoneka akufa.

Malo atatu ndiwo atiphunzitsa zambiri. Oyamba ndi phanga la m'tsinde mwa phiri la Hora ku Mzimba, kumene J. Desmond Clark anafukula mu 1950 n'kupeza mafupa a anthu awiri aakulu. Kuyambira mu 2016, gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson, mogwirizana ndi akatswiri a boma la Malawi, linabwereranso kumaloko ndipo linapeza manda a makanda awiri a zaka zoposa 14,000 zapitazo. Achiwiri ndi phanga la Fingira ku Nyika, limene linafukulidwa koyamba m'zaka za m'ma 1960. Achitatu, amene ali pafupi ndi ife, ndi Mwana wa Chencherere ku Dedza, kumene Clark yemweyo anafukula mu 1972 n'kupeza mafupa a mwana pamodzi ndi timiyala tosongoka, mikanda ndi mapale.

Chencherere ndi mbali ya dera la Chongoni, limene lili ndi malo 127 a zithunzi za pamiyala m'masikweya kilomita 126. Chongoni analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, chaka chomwecho chimene miyala ya ku Senegal ndi Gambia inalowa. Zithunzi za kumeneko zili m'magulu awiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere ndi mikombero, ndi zakale kwambiri ndipo zimanenedwa kuti anajambula ndi alenje amene miyambo yathu imawatchula kuti Akafula kapena Abatwa. Zoyera, zopakidwa ndi chala, ndi za alimi, makamaka Achewa. Zina mwa zoyerazi zinkagwiritsidwa ntchito polangiza atsikana pa chinamwali, ndipo zina, monga za ku Namzeze, ndi za nyau. Kujambula kumeneku kunapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900. Akatswiri a dziko lino nawonso anagwira ntchito yaikulu m'boma la Dedza: Gadi Mgomezulu anafukula m'dera la Linthipe ndi Chongoni m'zaka za m'ma 1970, ndipo Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba, likulu lakale la Amaravi pafupi ndi Mtakataka.

Kuchokera ku Nathenje kukafika ku Linthipe si ulendo wautali pa msewu wa M1. Mapiri a matanthwe sayambira pa malire a Dedza. Kum'mwera kwa mzinda wa Lilongwe tili ndi Bunda, Ngala ya Pakamwa, Nkhoma ndi mtandadza wa Dzalanyama, ndiponso timapiri tambiri topanda dzina pa mapu. Alenje amakedzana sankadziwa malire a maboma athu. Choncho n'zomveka kuyembekeza kuti ena mwa mapanga amene anyamata oweta mbuzi amabisalamo mvula kwathu kuno angakhale atasunga zofanana ndi za ku Chencherere.

Mmene mudzi umasungira manda ake

Tisanakambe za malamulo a boma, tione kaye mmene Achewa akhala akusungira manda. Munthu akakwera pamwamba pa phiri la Bunda m'chilimwe n'kuyang'ana chigwa cha Mitundu, amaona minda yoyera mbee, koma apa ndi apo pali timisitu tobiriwira. Tambiri mwa timisitu timeneti ndi manda. Chilankhulo chomwe chikuchitira umboni: pofuna kupewa liwu lakuti manda, akuluakulu amati "kumsitu" kapena "kumasano". Ngati anthu a ku Ireland anamanga chikumbutso chawo ndi miyala, ife tinamanga chathu ndi mitengo.

Msitu umenewu ulibe mpanda wa waya, ulibe mlonda wolipidwa, komabe nkhwangwa imauopa. Zifukwa zake ndi zingapo. Choyamba, manda ali m'manja mwa mfumu, ndipo munthu salowamo popanda chilolezo. Wopezeka akudula mtengo kapena kutola nkhuni amalipa nkhuku kapena mbuzi. Chachiwiri, m'midzi yambiri dambwe limakhala kumanda komweko, ndiye anthu osavinidwa sayandikirako. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuvomereza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, wasunga mitengo yachilengedwe yochuluka mwa njira imeneyi. Chachitatu, ana amakula ndi malangizo: usaloze manda ndi chala, usasewere pa mtumbira. Chachinayi, ndipo chachikulu, ogona mmenemo ali ndi mayina. Anthu amadziwa kuti apa panagona agogo, apo panagona amalume, ndipo amabwera kudzalambula ndi kudzamanga ziliza.

Njira yomweyi inkasunga malo a nsembe. Phiri la Bunda limadziwika kuti linali malo opempherera mvula. Ku Msinja, m'mphepete mwa Dzalanyama, kunali kachisi wa Makewana, ndipo Kaphirintiwa amakumbukiridwa m'nthano ya Achewa kuti ndi pamene anthu oyamba ndi nyama anatsikira n'kusiya mapazi awo pa thanthwe. Malo amenewa anakhalitsa chifukwa anthu anali ndi nkhani yonena za iwo. Nkhani ikamafa, malonso amayamba kufa.

Vuto la manda opanda mbumba

Apa ndi pamene pagona vuto. Mwana amene anagonekedwa ku Chencherere alibe dzina limene tikulidziwa, alibe mfumu, alibe mwinimbumba. Mu 2017 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Pontus Skoglund ndi David Reich linasindikiza zotsatira za kuyeza DNA ya mafupa a ku Hora, Fingira ndi Chencherere, a zaka za pakati pa 8,100 ndi 2,500 zapitazo. Anapeza kuti alenjewa anali pa chibale ndi Asan a kum'mwera kwa Africa ndiponso alenje a kum'mawa monga Ahadza a ku Tanzania. Atayerekeza ndi Amalawi a lero amene anayezedwa, sanapeze chizindikiro chooneka chakuti magazi a alenjewa akuyendabe mwa ife. Mwachidule, ogona m'mapangawa si makolo athu obereka.

Miyambo yathu inali itanena kale zofanana ndi zimenezi. Imati Achewa anapeza anthu aafupi m'dziko muno, amene ankakonda kufunsa mlendo kuti, "Mwandionera pati?" Woyankha kuti "Ndakuonerani patali" ankapita mwamtendere, chifukwa wasonyeza kuti wofunsayo ndi wamtali. Mpake ena amawatchula kuti Amwandionerapati. Ngati wophunzira chilankhulo, ndimaona zinthu ziwiri m'dzina limeneli. Ndi dzina lopatsidwa ndi alendo, losereula, ndipo dzina limene eni ake ankadzitchula linapita pamodzi ndi chilankhulo chawo. Komanso dzinali ndi umboni wakuti makolo athu sanabise kuti anapeza anthu ena pano.

Tsono tikamamasulira nkhani ya kasungidwe ka malowa m'Chichewa timapunthwa pa mawu. Tikati "cholowa", womva amaganiza za munda, ng'ombe kapena nyumba imene wasiyiridwa ndi mbale wake, ndipo afunsa kuti, "Cholowa chochokera kwa yani, poti Akafula sanali abale anga?" Tikati "chikhalidwe", amaganiza za magule ndi zovala. Tikati "zakale" kapena "zamakedzana", mawuwa pakamwa pa achinyamata amanunkha chipongwe, monga ponena kuti, "Zimenezo n'zachikale." Palibe limodzi mwa mawu amenewa limene limapatsa munthu wa ku Nathenje udindo pa phanga la kuseri kwa munda wake.

Ine ndikuona kuti liwu loyenera tili nalo kale, ndipo ndi lakuti "adzukulu". Liwuli lili ndi matanthauzo awiri. Mdzukulu ndi mwana wa mwana wako. Koma pa maliro, adzukulu ndi anthu amene amakonza thupi, kukumba manda, kunyamula bokosi ndi kukwirira. Pa mwambo wathu ntchito imeneyi sagwira ndi anamfedwa. Amagwira ndi anthu ena a m'mudzi kapena a mudzi woyandikana nawo. Ndiye kuti Mchewa amadziwa kale kuti kusamala wakufa si ntchito ya achibale okha. Ngakhale mlendo akafera m'mudzi, mfumu imapereka malo ndipo adzukulu amakumba. Ngati sitingakhale adzukulu a Akafula mwa kubadwa, tingakhale adzukulu awo mwa ntchito.

Ndipotu makolo athu anayamba kale. Amayi amene ankalangiza anamwali ku Chencherere anapeza zithunzi zofiira pa thanthwe. Sanasiye phangalo kuti ndi la eni ake, koma analitenga kukhala malo awo aulemu n'kuwonjezerapo zithunzi zawo zoyera. Zofananazo zinachitika ku Ireland. Kafukufuku wa DNA wasonyeza kuti alimi amene anamanga manda a miyala m'zilumba za kumeneko analowedwa m'malo kwambiri ndi anthu ena amene anafika pambuyo pake. Koma obwerawo anapatsa Newgrange malo m'nthano zawo, n'kumati ndi nyumba ya milungu yawo Dagda ndi Aengus. Alimi ambiri a ku Ireland ankaopa kugumula zulu zakale pokhulupirira kuti muli mizimu. Lero nzika za dzikolo zimanyadira Newgrange ngati wawo, ndipo palibe amene amawafunsa za magazi.

Zimene zikuwononga

Chowononga choyamba ndi njala ya miyala. Mzinda wa Lilongwe ukukula, ndipo nyumba iliyonse, mlatho uliwonse ndi msewu uliwonse zimafuna miyala yophwanya. M'mbali mwa misewu yochokera mumzinda kupita ku Likuni, ku Bunda ndi ku Nathenje mumapezeka amayi ndi abambo atakhala padzuwa ndi hamala, akuphwanya miyala yogulitsa. Ena amasonkha moto pa thanthwe kuti ling'ambike. Palinso makampani amene amaphulitsa mapiri. Sindikunyoza anthu amenewa, pakuti mayi wophwanya miyala akufuna fizi ya mwana ndi ufa wa tsikulo. Koma thanthwe limene lili ndi chithunzi cha zaka zikwi zingapo likhoza kusanduka miyala ya maziko m'sabata imodzi, wophwanyayo osadziwa n'komwe chimene waswa.

Vuto limeneli si la mayiko osauka okha. Khomo la Newgrange linatulukira mu 1699 pamene antchito a mwini malo, Charles Campbell, ankakumba chulucho kufuna miyala. Ku Carnac m'dziko la France, kumene kuli miyala yoimika yoposa 3,000, kunamveka mu 2023 kuti miyala 39 inachotsedwa pomanga sitolo yogulitsa zipangizo zomangira, ndipo omangawo anali ndi chilolezo. Patangopita zaka ziwiri, mu Julaye 2025, dera la Carnac linalowa m'kaundula wa UNESCO pa msonkhano womwewo umene unalembanso phiri lathu la Mulanje. Ngati zinatheka ku France, kumene malo otere analembedwa kalekale, kuli bwanji pa kaphiri ka kwathu kamene palibe anakalembapo?

Chowononga chachiwiri ndi manja a alendo. M'mapanga ena a ku Chongoni muli mayina olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba pa zithunzi zakale. Ambiri olemba ndi ife ophunzira, amene tikangodziwa zilembo timafuna kuti thanthwe litidziwe. Chachitatu ndi moto ndi kudula mitengo. Mwaye umaphimba zithunzi, kutentha kumasupula khungu la thanthwe, ndipo mitengo ikatha, monga zikuchitikira ku Dzalanyama chifukwa cha makala, madzi a mvula amakokolola dothi la m'mapanga pamodzi ndi zonse zimene linasunga.

Chachinayi ndi kukumba mwachisawawa. Anthu ena amakumba m'mapanga kufuna manyowa a mileme, ena amakhulupirira kuti muli chuma chobisika. Apa m'pofunika kufotokoza chifukwa chake kukumba kotere kumapha mbiri ngakhale wokumbayo asatenge kanthu. Dothi la m'phanga limaunjikana pang'onopang'ono, lakale pansi, latsopano pamwamba, ngati masamba a buku. Katswiri amalipala pang'onopang'ono, n'kumalemba pamene wapeza fupa, mkanda, phale kapena khala la moto. Khala limenelo akaliyeza limanena zaka zake, ndipo zaka zimenezo zimathandiza kudziwa msinkhu wa zinthu zopezeka nalo pamodzi. Munthu akalowa ndi khasu n'kutembenuza dothilo, masamba a bukulo asokonezeka, ndipo palibe katswiri angawasanjenso. Madzi akatayika saoleka.

Lamulo ndi chilankhulo

Malawi ali ndi malamulo oteteza malo otere. Nthambi ya boma yoona za zinthu zakale inakhazikitsidwa mu 1967, ndipo lero ntchitoyi ili m'manja mwa Department of Museums and Monuments. Dziko lino linavomereza pangano la UNESCO loteteza malo ofunika mu 1982, ndipo malo athu atatu ali m'kaundula: paki ya Nyanja ya Malawi kuyambira 1984, Chongoni kuyambira 2006, ndi Mulanje kuyambira 2025. Lamulo lalikulu ndi Monuments and Relics Act la 1990. Limaletsa kufukula, kuwononga kapena kutulutsa kunja zinthu zakale popanda chilolezo. Limalamula wopeza zinthu zotere kuti akanene ku boma, ndiponso limafuna kuti womanga chitukuko adziwitse boma ntchito isanayambe kuti akatswiri athe kupulumutsa zimene zili pansi.

Lamuloli ndi labwino pa pepala, koma taganizani za munthu amene amakumana ndi zinthu zakalezi tsiku ndi tsiku. Si katswiri wa ku yunivesite. Ndi mlimi amene khasu lake lagunda mphika wakale, woumba njerwa amene wafukula fupa pa chulu, woyendetsa chigalimoto chokumba, ndi mnyamata woweta. Lamulo linalembedwa m'Chingerezi cha kukhoti. Munthu wopeza mafupa m'munda mwake amaopa kuti akakanena adzafunsidwa ndi apolisi, adzatchedwa mfiti, kapena munda udzalandidwa. Njira yapafupi kwa iye ndi kukwirira msanga kapena kukataya kumtsinje usiku, n'kukhala chete. Choncho lamulo limene anthu sanalimve m'chilankhulo chawo limathandiza kubisa zinthu zimene linafuna kuteteza.

Apa ndi pamene ife ophunzira zilankhulo ndi zolembalemba tili ndi mbali. Ntchito yoyamba ndi kumasulira mfundo zikuluzikulu za lamuloli m'Chichewa chomveka, chimene mfumu ingawerenge pa bwalo ndi wailesi ingaulutse. Uthenga wake ndi waufupi: ukapeza mafupa, mapale, timiyala tosemedwa kapena zithunzi pa thanthwe, usasunthe kanthu, usathire madzi pa chithunzi, uza amfumu, ndipo amfumu auze ofesi ya bwanamkubwa kuti idziwitse akatswiri. Kupeza zinthu zotere si mlandu.

Ntchito yachiwiri ndi kusonkhanitsa mayina a malo. Dzina lakuti Ngala ya Pakamwa limafotokoza maonekedwe a phirilo, limene lili ndi phanga looneka ngati kamwa. M'midzi muli mayina ena ambiri a mapanga, maiwe ndi timapiri amene amatchula mizimu, nsembe, nkhondo kapena Akafula, ndipo amangodziwika kwa okalamba. Dzina lotere ndi chikwangwani chimene makolo anakhoma ndi pakamwa. Wophunzira aliyense atati pa tchuthi akhale pansi ndi agogo awiri kapena atatu, n'kulemba mayina, matanthauzo ndi nkhani zake, tingakhale ndi mapu amene akatswiri ofukula angayambirepo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limenelo likuphwa chaka ndi chaka.

Ntchito yachitatu ndi kulemba. Ana a sukulu za ku Mitundu ayenera kuwerenga m'Chichewa za mwana wa ku Chencherere monga mmene amawerengera za mapiramidi. Tikufunika nthano, masewero ndi timabuku tofotokoza kuti m'dziko muno munali anthu zaka zoposa 14,000 zapitazo amene ankalira makanda awo n'kuwagoneka mosamala pansi pa thanthwe. Mwana amene wamva nkhani imeneyi adzaganiza kawiri asanalembe dzina lake pa chithunzi.

Akatswiri ndi boma nawonso ali ndi ngongole kwa midzi. Ngati tikupempha anthu kuti akhale adzukulu, tiyenera kuwalemekeza ngati adzukulu. Mfumu ndi anthu ake azifunsidwa kufukula kusanayambe, aziuzidwa kumene mafupa akupita ndi pamene adzabwerere, ndipo zotsatira za kafukufuku zizibwera kumudzi m'chilankhulo chawo, osati kungothera m'magazini a kunja. Pamene alendo akulipira kuti aone malo, otsogolera alendowo azikhala ana a m'mudzimo. Pamene thanthwe laletsedwa kuphwanyidwa, ophwanya miyala asonyezedwe kwina kopanda zithunzi. Kuletsa kopanda njira ina kumangosandutsa ntchito ya masana kukhala ya usiku.

Mathero

M'nkhani ino ndasonyeza kuti manda a miyala ikuluikulu, kuyambira ku Ireland mpaka ku Gambia ndi ku Kenya, ndi umboni wa mgwirizano ndi nzeru za anthu amene sanasiye zolemba. Ndasonyezanso kuti kuno kwathu ntchito yomweyo inkagwiridwa ndi mapanga monga a ku Hora, Fingira ndi Chencherere, ndipo pambuyo pake ndi misitu ya kumanda. Misitu imeneyi yakhalitsa chifukwa ili ndi mfumu, dambwe, malangizo ndi mayina. Mapanga alibe zonsezi, ndipo ogonamo si makolo athu obereka. N'chifukwa chake ali pangozi yaikulu kuposa manda a m'mudzi, ngakhale kuti ndi amene lamulo la boma limawatchula.

Yankho langa pa funso la udindo ndi lakuti osamala ndi ife amene tikulima ndi kuweta pafupi ndi malowa, mothandizidwa ndi mafumu, akatswiri ndi boma. Chichewa chatipatsa kale dzina la udindowo. Chimene chatsala ndi ntchito yooneka: kumasulira lamulo, kulemba mayina a malo agogo athu adakali moyo, ndi kuyendera mapiri a kum'mwera kwa Lilongwe kuti tidziwe zimene zilimo ophwanya miyala asanafike. Ndikupempha anzanga a m'dipatimenti ino amene kwawo ndi ku Likuni, ku Mitundu ndi ku Nathenje kuti tchuthi chikudzachi aliyense adzabwere ndi mayina khumi a mapanga ndi timapiri ta kwawo, pamodzi ndi nkhani zake.